Wogwa pa Njinga Musamfulumize

Caka catha, m'nyengo yokolola, alamu anga anagwa pa njinga kawiri m'miyezi iwiri yokha. Kugwa koyamba sitingaikire munthu mlandu, pakuti tsoka silinunkha. Anali kutsika kamtunda kolowera ku mtsinje atamanga matumba awiri a nshawa pa kaliyala, tayala lakutsogolo linatitimira mumcenga, ndipo iwo anauluka nakagwera phewa. Fupa lopingasa lija locokera m'munsi mwa khosi kufika pa phewa linathyoka. Ku cipatala anawajambula, anawakoleka mkono m'nsalu, nawauza kuti asanyamule kanthu kufikira atabweranso kudzaonedwa. Kugwa kwaciwiri ndiko kwandicititsa kulemba mau ano, cifukwa kumeneko tinakukonza ndife eni mudzi, ndipo ine ndinali mmodzi wa okukonzawo.

Alamu angawa ndi akamwini m'mudzi mwathu, anakwatira mlongo wanga. Aliyense wokulira pa Cicewa adziwa maso amene anthu amayang'ana nao mkamwini wokhala pakhonde dzuwa liri pamutu, anzace ali ku munda. Masabata awiri oyamba anthu anali kubwera kudzazonda, wina ndi kankhuku, wina ndi kaufa. Pofika sabata lacinai mau anayamba kusintha, ndipo pa citsime panamveka funso lakuti kodi matenda amenewa ndi a mtundu wanji osatha. Nsalu ija itacotsedwa patapita masabata 6, ine mwini ndinaima pafupi ndi nkhokwe yao ndi kunena kuti, "Alamu, kodi cimanga ici cidzamera miyendo ndi kudziyendera cokha ku msika?" Ndinanena moseka monga acitira munthu ndi mlamu wace, koma iwo sanaseke. M'mawa mwace, tambala woyamba atangolira, anamanga matumba awiri a cimanga nauyamba ulendo. Pa citunda ca kuseri kwa sukulu miyendo inakana, njinga inayamba kubwerera m'mbuyo, mkono wodwala uja unalephera kuwongola, ndipo anagwa katundu ali pamwamba pao. Fupa la phewa linapulumuka, koma la mkono pafupi ndi dzanja linathyoka, cifukwa ndilo anatsamira pogwa. Anakhala m'cikhakha masabata ena 6. Cimanga cija anacigula amalonda oyendayenda m'midzi, pa mtengo umene mlongo wanga safuna kuukumbukira.

Cimene ndifuna kunena kwa owerenga tsamba lino ndi ici: tsiku limene acipatala acotsa nsalu kapena cikhakha, munthu amakhala asanacire. Tsiku limenelo ndilo ciyambi ca nchito yaciwiri, nchito yobweza mphamvu zimene zinatayika pamene anali cikhalire, ndipo nchito imeneyi ifuna masabata ace monga momwe fupa linafunira ace. Banja kapena mudzi umene umana munthu masabata amenewa umadzibera wokha.

Ife a kuno kum'mawa sitisowa kuuzidwa kuti njinga ndi ciani. Kucokera ku Nyimba kufika ku Lundazi njinga ndiyo isenza makala, nkhumba, malata, mai wapakati wopita ku kiliniki, nthawi zina ngakhale bokosi la maliro. Akulu-akulu akumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, ndi matumba a makilogalamu 90 a masiku a NAMBOARD. Lero bungwe la Food Reserve Agency ligula cimanga m'matumba a makilogalamu 50, ndipo kuli njinga za Buffalo zimene kaliyala wace anampanga kuti asenze makilogalamu 100. Tsono popeza citsulo cilola matumba awiri, ife timaiwala kuti coyendetsa galimoto ameneyu ndi munthu wa mnofu ndi magazi. Njinga ikakhala m'nyumba miyezi iwiri imangofuna mafuta pa cheni ndi mpweya m'machubu. Munthu sali tero ai.

Tiyambe ndi fupa. Likathyoka, thupi limayamba kumata malo othyokawo ndi kanyama kofewa kamene kamauma pang'ono-pang'ono mpaka kusanduka fupa leni-leni. Kwa munthu wamkulu fupa la phewa lija limatenga masabata 6 kufikira 12 kuti lilumikizane, nthiti masabata ngati 6, ndipo fupa la m'nchafu limatenga miyezi ingapo, kawiri-kawiri pambuyo pa opaleshoni. Ana amacira msanga, okalamba amacedwa. Msampha uli pakuti kupweteka kumatha fupa lisanalimbe. Amai athu oumba mbiya acidziwa bwino cinthu cimeneci. Mbiya youma imaoneka ngati yatha, ukaigogoda ndi cala imalira, koma palibe mai wanzeru amene atungiramo madzi isanaochedwe.

Komatu za fupa anthu amazimvako, cifukwa cikhakha cioneka ndi maso. Cimene ambiri sacidziwa ndi cimene cimacitika ku ziwalo zosabvulala. Munthu wozolowera nchito yolimba akasiya kwa masabata awiri okha, madzi a m'magazi ace amacepa. Cotero mtima ukagunda kamodzi umatumiza magazi ocepa kusiyana ndi kale, ndipo kuti ukwaniritse nchito yomweyo uyenera kugunda mofulumira. Ndico cifukwa cace munthu amene kale anali kukwera citunda akuimba mluzu amapezeka ali wefu-wefu asanafike pakati. Minofu ya m'nchafu imafota, mkono womangidwa umaonda, mfundo zimauma, ndipo zala zimene zinali kugwira buleki ngati mbano zimayamba kunjenjemera.

Zimenezi zinayesedwa. M'caka ca 1966, mu mzinda wa Dallas ku America, madokotala anagoneka pa bedi anyamata asanu athanzi a zaka 20 kwa masabata atatu, osadwala kanthu, kungoti aone cimene kugona kucita. Atawadzutsa anapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapo pa nchito yolimba yatsika ndi magawo 27 pa 100. Patapita zaka 30 anawaitananso anthu omwewo, tsopano ali a zaka 50, ndipo anapeza codabwitsa: zaka 30 za kukula sizinawafoketse monga anawafoketsera masabata atatu a pa bedi aja. Koma nkhani imeneyi iri ndi mbali yace yokondweretsa. Anyamatawo atadzuka pa bedi anapatsidwa masewera olimbitsa thupi kwa masabata 8, ndipo mphamvu zao zinabwerera, mwina mpaka kupitirira pamene zinali poyamba. Taonani ciwerengeroco, abale anga. Kugona masabata atatu, kubweza masabata 8, ndipo awa anali anyamata opanda fupa lothyoka, odya bwino. Ife tinafuna kuti alamu anga, munthu wa imvi za apa ndi apo, abweze m'usiku umodzi cimene anataya m'mwezi ndi theka.

Kumaiko a kutali kuli anthu amene nchito yao ndi kupikisana pa njinga, ndipo akagwa amasamalidwa ndi madokotala ao-ao, ndi zakudya zoyeza pa sikelo. Nkhani zao zitiphunzitsa kanthu. Remco Evenepoel wa ku Belgium anali ndi zaka 20 pamene anagunda khoma la mlatho nagwera kuphompho pa mpikisano wa Il Lombardia ku Italy mu Ogasiti 2020, nathyoka fupa la m'ciuno. Anabwerera pa njinga miyezi yocepa itapita, koma ululu unayambanso, madokotala anapeza kuti fupa silinatsirize kulumikizana, ndipo anamtsitsanso pa njinga kwa masabata angapo. Mpikisano wace woyamba unadza mu Meyi 2021, patapita miyezi 9, ndipo sanautsirize. Koma mu 2022 anapambana mpikisano waukulu wa ku Spain ndi wa dziko lonse lapansi. Mnzace Chris Froome, wobadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya, amene anapambana Tour de France kanai, anagunda khoma mu Juni 2019 ali ndi zaka 34, nathyoka nchafu, cigongono ndi nthiti. Anabwerera ku mipikisano mu Febuluwale 2020, koma mphamvu zace zakale sizinabwerere zonse, ndipo Tour de France sanapambanenso. Mnyamata anafulumira nabwezedwa m'mbuyo, wamkulu anabwerera koma ndi malire. Ngati ziri tero kwa anthu okhala ndi zonse, nanga kotani mlimi wa ku Chadiza amene dokotala wace ali pa mtunda wa theka la tsiku?

Ulendo waciwiri alamu anga anamvera acipatala, ndipo ife tinatseka pakamwa. Ndifotokoza m'mene anacitira, osati monga lamulo, pakuti kubvulala kumasiyana ndipo mau otsiriza ndi a amene anaona cithunzi ca fupa lanu, koma kuti muone kuti njira iripo.

Akali m'cikhakha anayamba kuyenda pansi tsiku ndi tsiku. Anamwino anawauza kuti cothyoka ndi mkono, miyendo iribe mlandu, ndipo kugona pa mphasa tsiku lonse ndiko kumatha munthu. M'mawa uliwonse anali kupita ku dimba ndi kubwerako, poyamba mwa pang'ono-pang'ono, pambuyo pace mwa ndawala mpaka thukuta. Anali kuseweretsanso zala, cigongono ndi phewa kuti zisaume. Cikhakha citacotsedwa mkono unaturuka woonda ngati wa mwana, wotuwa, wosapindika. Masabata awiri sanakhudze njinga. Anali kufinya kampira ka nsanza, kuswa nshawa ndi kutonola cimanga pamodzi ndi ana, nchito imene amuna ena anaiseka, koma ndiyo inabweza mphamvu m'zala. Muyeso wao unali wapafupi: kodi dzanja lingafinye buleki mwamphamvu kakhumi motsatizana popanda ululu wolasa? Kodi lingatsamire pa mpando ndi kulemera kwa thupi? Zitatheka zimenezi, ndipo acipatala atabvomera, ndiye anaturutsa njinga.

Njinga nayo inali itagwa kawiri, ndipo pano ambiri timalakwa. Timangowongola ciwongolero pakati pa maondo ndi kunena kuti yakhala bwino. Wokonza njinga pa msika wathu anaitembenuza, napeza kuti foloko yakutsogolo yapindikira m'mbuyo ndipo pamalo oocherera pali kamng'alu konga tsitsi. Foloko yotere imathyoka pa citsiko, katundu ali pambuyo, popanda kucenjeza. Anasintha foloko, anamanga masipoko olefuka, naika mphira zatsopano za mabuleki. Ndalama zace zinawawa, koma sizinafike pa mtengo wa thumba limodzi la cimanga.

Kukwera koyamba kunali pa bwalo la mpira la pa sukulu, ana ataweruka, mphindi 15 zokha, kaliyala ali wopanda kanthu. Anazungulira, anaima, anayambanso, anayesa kutembenuka ndi kugwira mabuleki mwadzidzidzi. M'mawa mwace anapuma. Kupuma kumeneku anthu amakuyesa ulesi, koma thupi limamanga mnofu pa tsiku lopuma, pamene tsiku la nchito limangouza thupi pofunika kumanga. Cotero sabata loyamba anakwera katatu. Mwana wa mlongo wanga anali kuyenda nao pambali pa njinga ina, ndipo malangizo anali akuti aziceza. Malinga ngati munthu angalankhule ciganizo cathunthu akupalasa, liwiro liri bwino. Mau akayamba kuduka-duka, wapitirira muyeso, acepetse.

Kucokera pamenepo anali kuonjeza cinthu cimodzi pa sabata, osati ziwiri. Pali zinthu zitatu zimene zimalemetsa ulendo wa pa njinga, ndizo kutalika kwa njira, zitunda, ndi katundu, ndipo ndondomeko yace ndi yomweyo. Poyamba anatalikitsa nthawi pa njira yosalala, kucokera mphindi 15 kufika theka la ola, kenaka ola lathunthu. Ola litaleka kubvuta anayamba zitunda zazing'ono. Katundu anadza potsiriza, cifukwa katundu amasintha zonse. Amakoka njinga ku mbali pokhota, amatalikitsa mtunda woimira ukagwira buleki, ndipo pa citunda, pamene munthu atsika ndi kukankha, kulemera konse kumagwera pa dzanja ndi phewa, malo omwe aja obvulala. Anayamba ndi thini imodzi ya cimanga kupita ku cigayo. Sabata lotsatira cigubu ca madzi ca malita 20, cimene cilemera makilogalamu 20, codzaza bwino kuti madzi asagwedezeke. Thumba lathunthu linakwera pa kaliyala patapita masabata 6 kucokera tsiku la pa bwalo la mpira lija.

Munthu wobwerera pa njinga ayenera kuphunzira kusiyanitsa zowawa ziwiri. Pali kuphwanya kwa minofu kumene kumafalikira m'nchafu ndi m'matako, kumakula tsiku laciwiri, ndi kutha kokha pa masiku awiri kapena atatu. Kumeneku ndi kwabwino, ndi cizindikiro cakuti nchito ikugwirika. Koma pali ululu wolasa pa malo amodzi, pamene munthu angaloze ndi cala cimodzi, maka-maka pamalo pothyoka paja, wodza ndi kutupa kapena wodzutsa munthu usiku. Umenewu suli wopirira. Njinga ibwerere m'nyumba ndipo munthu abwerere ku cipatala. Pali njira inanso yodziyesera imene siifuna ndalama. Werengani kugunda kwa mtima pa dzanja kwa mphindi imodzi m'mawa musanadzuke, masiku angapo, kuti mudziwe ciwerengero canu. Tsiku limene cakwera kwambiri kuposa masiku onse, thupi likunena kuti silinapume, kapena kuti malungo ali m'njira.

Za cakudya ndinena mwacidule, ngakhale zindipweteka mtima. Nsima ipatsa mphamvu yopalasira, koma fupa ndi mnofu zimangidwa ndi ndiwo. Kapenta, amene timadya ndi minga yace yomwe, nyemba, soya, nshawa zotendera masamba, mazira ndi mkaka ndizo zofunika kwa wobvulala. Zambiri mwa izi timalima tokha, koma timagulitsa zonse ndi kusiyira wodwala nsima ya therere. Fodya amacepetsa magazi ofika pa fupa ndi kucedwetsa kulumikizana kwace, ndipo wosuta amene sanapezepo cifukwa colekera wacipeza tsopano. Kacasu ndiye ndisanene, pakuti aliyense adziwa kuti ngozi zambiri za madzulo a tsiku la msika zimacokera m'botolo. Kunena za asing'anga, sindifuna kukangana ndi akulu-akulu amene akhulupirira mphini. Ndingopempha kuti fupa lijambulidwe ndi kuwongoledwa ku cipatala poyamba, cifukwa likalumikizana lokhota palibe muzu umene ungaliwongole.

Pali kubvulala kwina kumene sikubvala cikhakha, ndiko kwa mutu. Ambiri a ife tiribe zisoti zochinjiriza, ndipo munthu akamenyetsa mutu pansi nadzuka timati wapulumuka. Koma ngati pambuyo pace asanza, mutu uwawa moonjezereka, agona tulo tosadzutsika bwino, asokoneza mau, mkono kapena mwendo ulefuka, kapena m'khutu ndi m'mphuno muturuka madzi kapena magazi, ameneyo athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Kwa okalamba ndi okonda mowa magazi angathe kukha pang'ono-pang'ono m'kati mwa cigaza, ndipo zizindikiro zimaoneka patapita masabata, anthu ataiwala za kugwa kuja nayamba kulozana zala za ufiti. Munthu amene akali kumva cizungulire asakwere njinga konse, ngakhale mafupa ace ali onse. Ndiponso bala lodetsedwa ndi dothi la mseu lifuna kutsukidwa bwino ndi katemera wa kafumbata.

Tsono pali mantha, amene amuna sabvomera. Alamu anga anandiuza, patapita nthawi, kuti tsiku loyamba kufika pa kamtunda ka ku mtsinje kaja manja anauma gwa pa ciwongolero ndipo mtima unagunda ngati ng'oma, ngakhale panalibe coopsa. Munthu wa mantha amagwira njinga molimbitsa, amayang'ana pa tayala m'malo moyang'ana kutsogolo, amagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, ndipo zonsezi ndizo zimagwetsa. Iwo anatsika nayenda pansi pa malowo masiku awiri, akuyang'ana pamene mcenga uli. Tsiku lacitatu anatsika atakwera, mwa pang'ono, wopanda katundu. Mantha anatha cifukwa ca kubwereza, osati cifukwa ca kunyozedwa. Ndidziwa mkulu wina amene anagundidwa ndi galimoto, mafupa anacira bwino-bwino, koma njinga yace ikali yopacikidwa ku denga mpaka lero cifukwa panalibe womperekeza ulendo woyamba, ndipo tsopano amalipira anyamata kuti amnyamulire ndiwo za ku dimba. Kumeneko nakonso ndi kutaya munthu. Cifukwa ca ici ndinena kuti wobwerera pa njinga ayambe ndi tinjira ta m'midzi, ndipo mseu waukulu wa Great East, umene malole opita ku malire a Mwami amapitamo ndi mphepo yokankha munthu, ukhale wotsiriza, usana, ali ku dzanja lamanzere, atabvala zowala.

Ndidziwa cimene ena mwa inu mukunena powerenga izi. Mukuti, wolembayu alankhula ngati munthu wolandira malipiro pa mwezi. Njala siidikira fupa. Msika wa zokolola uli ndi nthawi yace, ana afuna mayunifomu ndi mabuku, ngongole ya feteleza iri pakhomo, ndipo mnyamata wonyamula anthu pa njinga ku Katete kapena ku Chipata akapanda kuturuka tsiku limodzi, usiku umenewo moto suyaka. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindingazipeputse. Munthu wosauka safulumira cifukwa ca kupusa. Amafulumira cifukwa palibe wina womsenzera.

Koma pamenepo ndiye pali mlandu wathu. Ife amene timanyadira kuti cibale ndi fupa siciola, tinali kuti pamene fupa leni-leni linathyoka? M'mudzi mwathu muli njinga zoposa khumi ndi ngolo ziwiri za ng'ombe. Matumba a alamu anga akanatha kupita ku msika m'masiku atatu, anyamata anai akadapatsidwa nsima ndi nkhuku imodzi. Makolo athu anali ndi dima, ndipo munthu akadwala pa nthawi yolima, mkazi wace anali kuphika thobwa, mudzi wonse unkalowa m'munda mwace tsiku limodzi. Mwambo umenewu tausiya m'munda, pamene nchito yambiri ya masiku ano iri pa mseu. Pa maliro timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama popanda wotikakamiza. Cimene citibvuta ndi kusonkhera munthu wamoyo amene akuoneka kuti ali bwino, akuyenda, akudya, akuseka, koma sangathe kusenza. Timamuyesa waulesi, maka-maka akakhala mkamwini.

Ndipempha mafumu athu ndi atsogoleri a makopaletivi, a magulu a m'chalichi ndi a magulu osunga ndalama m'midzi kuti aikepo mtima pa nkhani iyi. Gulu limene litha kusonkha za feteleza lingathenso kugwirizana kuti membala wobvulala anyamulidwe katundu wace kwa miyezi iwiri, mosinthana, ndipo iye adzabweze akacira. Anyamata onyamula anthu pa njinga, amene amaima pa malo amodzi tsiku lonse ndipo adziwana maina, angathe kuponya kandalama m'thumba limodzi pa sabata cifukwa ca tsiku lotere. Njinga ya wobvulala isakhale m'nyumba kudya dzimbiri. Mbale wokhulupirika aigwiritse nchito ndi kugawana naye phindu. Izi sizifuna lamulo la ku Lusaka kapena thandizo la kunja.

Ndisaiwale amai. Masiku ano akazi ambiri amapalasa njinga kupita ku cigayo, ku msika ndi ku sikelo ya ana, ndipo nao amagwa. Mwamuna wobvulala amapatsidwako masabata ocepa a pakhonde asanayambe kunyozedwa, koma mkazi sapatsidwa ngakhale amenewo. Tsiku lacitatu ali pa mtondo ndi dzanja limodzi, lacinai wasenza ndowa pamutu ndi phewa lothyoka, cifukwa palibe mwamuna m'nyumbamo amene aganiza kuti madzi angatungidwe ndi iye. Zonse zimene ndanena za masabata ndi za katundu zikhudza mkazi cimodzi-modzi, ndipo musi, mtolo wa nkhuni ndi mwana wa kumsana ziwerengedwe monga katundu.

Alamu anga anayambanso kunyamula matumba awiri mvula yoyamba itagwa, pa nthawi yotenga mbeu ndi feteleza. Dzanja lao silipindika mpaka pamene linali kufika kale, ndipo m'mwezi wa Juni, kukazizira, limawakumbutsa. Pa citunda ca kuseri kwa sukulu amatsika ndi kukankha, cimene kale sanali kucita. Ine ndinapita kwao ndi tambala kukapepesa cifukwa ca mau aja a pa nkhokwe. Analandira tambalayo, nati, "Alamu, palibe kanthu, zinapita." Koma mlongo wanga, amene anagulitsa cimanga cija kwa amalonda, anangotenga tambalayo napita naye kuseri osanena kanthu, ndipo pa cakudya anandipatsa khosi.